Kodi maselo a m'khoma la mtsempha angakudyetseni moyo wonse?

Wowerenga wina amene akumaliza digiri yachiwiri ya biology wanditumizira imelo. Akufunsa ngati n'chanzeru kudzipereka pa kafukufuku wa maselo a smooth muscle (minofu yogwira ntchito yokha, munthu osailamula) a m'mitsempha ya magazi, komanso kuti ayambire pati.

Ndikuti lowani, koma musankhe bwino khomo lolowera.

Maselowa amakhala pakati pa khoma la mtsempha. Akakokana mtsempha umachepa ndipo BP imakwera, akamasuka umatakasuka. Mu 1980 Robert Furchgott, akuyesa mtsempha waukulu wa kalulu, anapeza kuti maselo okuta m'kati mwa mtsempha amatulutsa kanthu komasula minofuyi. Kanthuko kanadzadziwika kuti ndi mpweya wotchedwa nitric oxide, ndipo mu 1998 iye, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel.

Koma lero nkhani yagona pa kusinthasintha kwa maselo a smooth muscle aja. Mtsempha ukavulala, amasiya ntchito yokokana n'kuyamba kuswana ndi kusamuka. N'chifukwa chake ma stent ena (timachubu toikidwa mu mtsempha kuti ukhale wotseguka) amapakidwa mankhwala otchedwa sirolimus, kuti maselo asachulukane n'kutsekanso njira. Mu 2015 gulu la Gary Owens ku University of Virginia linasonyeza pa mbewa kuti ambiri mwa maselo a mtunduwu opezeka m'zotupa zamafuta zotseka mitsempha amataya zizindikiro zimene ofufuza ankawadziwira, ena mpaka kufanana ndi macrophage, maselo a chitetezo cha thupi. Ndiye kuti kwa zaka zambiri anthu ankawawerenga mopereŵera.

Apa ndiye pali msampha. Selo lomwelo mukaliika m'mbale mu labu, nalonso limasintha khalidwe. Labu yodalira mbale zokha ikupatsani zotsatira msanga, koma ambiri adzazikayikira. Funani kumene amatsata maselo m'thupi la mbewa, amagwiritsa ntchito single-cell RNA sequencing (njira yoonera majini amene akugwira ntchito m'selo lililonse palokha), ndipo amapeza minofu ya odwala kudzera mwa madokotala a opaleshoni. Phunziraninso R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta, panopa, musadikire kuti deta ikuunjikireni.

Za ntchitoyo sindikunamizani. PhD imatenga zaka zingapo, kenako postdoc (ntchito ya kafukufuku yogwira munthu akamaliza PhD) ya makontrakiti aafupi, ndipo mipando yokhazikika ku yunivesite ndi yochepa poyerekeza ndi oifuna. Mukadzakhala ndi labu yanu, nthawi yambiri idzathera polemba makalata opempha ndalama, osati pa maikulosikopu (ambiri amadabwa nazo zimenezi).

Musanavomere malo alionse, lemberani ophunzira akale a mphunzitsi amene adzakuyang'anireni. Afunseni kuti anamaliza m'zaka zingati, ngati dzina lawo linali loyamba pa pepala lililonse la kafukufuku limene anasindikiza, ndiponso kumene ali lero.