Ntchito ya ku Dubai ya pa Facebook: yambani mwaona viza ndi tikiti

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Machinjiri, ndipo ndaifupikitsa motere: "Mng'ono wanga wa zaka 24 wapeza ntchito ya m'nyumba ku Dubai kudzera mwa munthu wa pa Facebook. Akuti tikiti ndi viza alipira okha, pasipotinso amuthandiza kuti ituluke msanga. Malipiro akuti ndi madola 400 pamwezi. Amayi akuopa kuti akagulitsidwa, koma iye akuti palibe akumukakamiza, akufuna yekha. Kodi munthu wovomera yekha angagulitsidwe? Nanga tingadziwe bwanji kuti ntchitoyi ndi yeniyeni?"

Mayi, pa funso loyambalo yankho ndi lakuti eya, angagulitsidwe, ndipo ambiri amene amagulitsidwa amakwera ndege ndi miyendo yawo, abale akuwabayibitsa pa Chileka kapena pa Lumbadzi. Pangano la United Nations la ku Palermo la mu 2000, lomwe lamulo lathu la Trafficking in Persons Act la 2015 linatengerako, limayang'ana zinthu zitatu: kumutenga kapena kumusamutsa munthu, njira imene yagwiritsidwa ntchito (bodza, kuopseza, ngongole, kupezerapo mwayi pa umphawi wake), ndi cholinga chomudyera masuku pamutu. Ngati anavomera chifukwa ananamizidwa za dziko, za ntchito kapena za malipiro, kuvomerako kulibe mphamvu pamaso pa lamulo. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, safunsanso n'komwe za njirayo. Chilango kuno kwathu chimafika zaka 14 wogulitsidwayo akakhala wamkulu, zaka 21 akakhala mwana, ndipo milandu yoipitsitsa imafika pa kukhala m'ndende moyo wonse.

Anthu amasokoneza nkhaniyi ndi ya kuolotsa anthu malire mozemba, monga anyamata a ku Ethiopia amene amadutsa muno popita ku Joni, omwe 64 mwa iwo anafa chifukwa chobanika m'kontena ya galimoto ku Tete mu Marichi 2020. Kumeneko munthu amalipira kuti amudutsitse pamalire mobisa. Za mng'ono wanu ndi zina: mapepala ake akhoza kukhala olongosoka onse, chidindo cha a Immigration chili pomwepo, msampha n'kukhala kutsogolo.

Msamphawo dzina lake ndi kafala. M'mayiko a ku Gulf, monga United Arab Emirates (kumene kuli Dubai) ndi Oman, chilolezo cha wantchito wakunja chokhalira m'dzikomo chimamangiriridwa pa dzina la bwana amene wamulemba. Bwanayo ndiye amalipira ejenti ndalama zobweretsera wantchito, ndipo ndalamazo ndi zimene zimagula tikiti "yaulere" ija. Mtsikana akafika n'kupeza kuti akudzuka 5 koloko m'mawa n'kugona pakati pa usiku, akutumikira nyumba ziwiri kapena zitatu za pachibale, malipiro ndi theka la zimene anamulonjeza, n'kunena kuti ndikufuna kwathu, bwana amayankha kuti bweza kaye ndalama zanga. Akathawa, bwana amakamuneneza kuboma kuti wantchito wathawa, ndipo wolakwa amasanduka mtsikanayo: amamangidwa, amalipitsidwa faindi, kenako amathamangitsidwa m'dziko. Choncho mawu akuti "alipira okha" asakusangalatseni msanga. Kuti wantchito asalipire ejenti n'koyenera ndithu, ndipo ndi zimene pangano nambala 181 la 1997 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, limanena, koma funso lofunika kufunsa ndi lakuti: ndikasiya ntchito patatha miyezi itatu, ndalamazo abweza ndani, ndipo zalembedwa pati?

Izi sizongomva. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi opitirira 50 amene anatsekerezedwa m'nyumba za anthu ku Oman, ndipo anapezana kudzera pa gulu la WhatsApp limene anayambitsa Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Ena mwa iwo anauzidwa kuti akupita ku Dubai, n'kukatsikira ku Muscat. Boma la Malawi linanena kuti linawononga madola opitirira 160,000 kuti amayi 54 abwerere kwawo. Kodi banja la ku Machinjiri lingazipeze kuti ndalama zoombolera mwana?

Ndiye poyambira ndi pa tikiti. Mng'ono wanu auze ejentiyo kuti amutumizire tikiti ndi viza padakali masiku, osati kukamupatsira pakhomo la bwalo la ndege. Ulendo wochoka kuno nthawi zambiri umadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Inu yang'anani mzere womaliza wa tikitiyo, pamene pali zilembo zitatu za bwalo la ndege lokatsikira. DXB ndi Dubai. MCT ndi Muscat, likulu la Oman, dziko lina lokhala ndi malamulo ake. Nambala ya foni ya bwana ikayamba ndi +971 ndi ya ku United Arab Emirates, ikayamba ndi +968 ndi ya ku Oman. Ndalama ya ku Dubai ndi dirham, ndipo dola imodzi ndi madirham 3.67, kotero madola 400 ndi madirham pafupifupi 1,470. Kontirakiti ikatchula rial, ndalama ya ku Oman, dziwani kuti si ya ku Dubai.

Komabe tikiti ya DXB payokha si umboni wokwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsidwira. Mayiko awiriwa ndi oyandikana. Tauni ya Al Ain ya ku Emirates ndi ya Buraimi ya ku Oman zimangosiyanitsidwa ndi mpanda wa malire. Bungwe la Human Rights Watch, m'malipoti ake a 2016 ndi 2017, linalemba za amayi amene anafikira ku Emirates kenako n'kuwaolotsera ku Oman pagalimoto. Chimene chimatsegula njira imeneyi ndi mtundu wa viza. Viza yokacheza, ya masiku 30 kapena 60, siilola munthu kugwira ntchito. Ejenti akamati "ukalowe kaye ndi yokachezayi, yantchito tikakonzera konko", ndiye kuti palibe bwana amene wasainira kalikonse, mtsikanayo akakasungidwa m'chipinda podikira womugula. Masiku akatha, faindi ya madirham 50 patsiku imayamba kuwerengedwa pa dzina lake, osati pa dzina la ejenti. Viza yoyenera ndi yolowera kukagwira ntchito, yosonyeza dzina la womulemba ndi mtundu wa ntchitoyo. Ine ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi chokha choletsera ulendo, chikanakhala chimenechi.

Kontirakiti aiwerenge ali kuno, m'Chingerezi, ndipo kope lake litsale kunyumba. Ambiri amakasainitsidwa ina ya m'Chiarabu atafika, atatopa ndi ulendo, pasipoti ili kale m'manja mwa wina. Ku Emirates kuli lamulo la antchito a m'nyumba, Federal Decree-Law nambala 9 ya 2022, limene limapereka tsiku limodzi lopuma pa sabata, maola 12 opuma patsiku (8 mwa iwo otsatizana), ndi tchuthi cha masiku 30 pachaka. Kontirakiti yeniyeni ya kumeneko zinthu izi imazitchula. Kubweretsa antchito a m'nyumba kumaloledwa kwa maofesi okhawo amene ali ndi laisensi ya unduna wa zantchito wa dzikolo, MOHRE, omwe ambiri amawadziwa kuti Tadbeer. Funsani dzina la ofesi yolandirayo n'kuliyang'ana pa mndandanda wa undunawo pa intaneti. Ejenti woona sakwiya ndi funso limeneli. Wabodza amayamba zoti "mipata yatsala iwiri yokha, ena akudikira", kapena amauza mtsikanayo kuti asamauze abale chifukwa amuchitira nsanje. Wokuuza kuti ubise ulendo kwa amayi ako akudziwa chimene akuchita.

Kuno nakonso kuli koyenda. Pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi dzina la kampani ya ejentiyo, mukafunse ngati akuidziwa ndiponso ngati inaloledwa kutumiza anthu kunja. Ngati "kampaniyo" ndi nambala ya WhatsApp ndi chithunzi cha nyumba zosanjikizana basi, mwayankhidwa kale. Za pasipotizo, akaipange yekha ku Immigration, aitenge ndi dzanja lake. Ikadzera mwa dobadoba wa ejenti, imasanduka ngongole yoyamba, ndipo nthawi zina zaka kapena dzina zimalembedwa molakwika, zomwe zimadzavuta pomufufuza.

Mwina mukuganiza kuti boma likanangoletseratu maulendowa. Ochita kafukufuku pa nkhani za kusamuka kwa anthu anaziona kale zimenezi. Dziko la Ethiopia linaletsa nzika zake kupita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Middle East mu 2013, n'kudzachotsa chiletsocho mu 2018. Pa zaka zimenezo anthu sanasiye kupita, ankangodzera m'mayiko oyandikana nawo, opanda dzina lawo m'kaundula aliyense. Dziko la Philippines linatenga njira ina: mu 2006 linaika malipiro otsikitsitsa a madola 400 kwa antchito ake a m'nyumba, ndipo kontirakiti imayenera kutsimikiziridwa ndi ofesi yawo ya zantchito ya m'dziko limene munthuyo akupita. Mavuto sanathe, koma wantchito wawo ali ndi khomo logogoda. N'chimodzimodzi m'banja: mukamuletsa ndi ukali, adzanyamuka mobisa, ndipo mudzamva ali kale kutsidya. Kuli bwino mukhale naye pansi, mufunse ejentiyo mafunsowa muli limodzi, aone yekha mmene akuyankhira.

Zonse zikalongosoka n'kutsimikiza zopita, musiye kunyumba mafotokope a pasipoti, viza, tikiti ndi kontirakiti, dzina lonse ndi nambala ya bwana, komanso zithunzi za mauthenga onse a ejenti kuyambira tsiku loyamba. Aloweze pamtima manambala awiri a kwathu, popeza foni ndiyo imayamba kulandidwa. Akangofika atumize malo amene ali pa WhatsApp. Mugwirizanenso mawu achinsinsi, ena ake wamba monga kufunsa za mbuzi imene kwanu kulibe, oti akawanena mudziwe kuti pali wina akumvetsera ndipo zinthu sizili bwino.

Akasowa pafoni masiku angapo, kapena akanena mawu aja, musayambe ndi kuopseza ejenti, chifukwa amafufuta mauthenga n'kusintha nambala tsiku lomwelo. Tengani mapepala aja mupite nawo ku polisi, ku Victim Support Unit, mukatchule kuti ndi nkhani ya kuzembetsa ndi kugulitsa anthu kuti ilembedwe pansi pa lamulo la 2015 lija, osati ngati mkangano wa ngongole. Mudziwitsenso unduna woona za maubale ndi mayiko akunja ndi ofesi ya ku Lilongwe ya IOM, bungwe la United Nations loona za kusamuka kwa anthu. Ndipo wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pa foni kuti timumasule, musatumize musanalankhule ndi mng'ono wanuyo pa vidiyo komanso tikiti yobwerera isanaoneke.