Volovolo ya m'tchire la ku Alaska: ya .500 ija isiyeni kaye m'shopu

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wakwathu amene akugwira ntchito ku Anchorage, mzinda waukulu wa ku Alaska, ku America. Ndaidula kuti isatalike:

"Achimwene, kuno ndatha zaka 6 ndipo green card (chiphaso chokhazikikira ku America) ndili nayo. Chaka chilichonse timapita ndi anzanga ku mtsinje wa Kenai kukawedza nsomba za salmon. Chaka chatha chimbalangondo chinangotulukira tsidya la mtsinje, ine m'mawondo munangoti zii. Tsopano ndikufuna mfuti yoyenda nayo m'tchire, komanso ndiyambe kusaka agwape. Kushopu andionetsa volovolo ya .500, ina ya .454 ndi ina ya .44 Magnum. Mtima wanga uli pa ya .500 chifukwa akuti palibe nyama ingaime pamaso pake. Chibadwire sindinawomberepo mfuti yaing'ono. Ndigule iti?"

Zikomo achimwene polemba. Manambala mwatchulawo ndi mayina a mitundu ya zipolopolo zimene mfutizo zimawombera. Gulani ya .44 Magnum, yachitsulo chokhachokha, ya double action (yongokoka chokhethemulira basi n'kulira), ya mpope wa mainchesi 4 kapena 5. Ndikudziwa kuti si yankho limene mumafuna kumva.

Akushopuwo sananame. Chipolopolo cha .500 S&W Magnum, chimene kampani ya Smith & Wesson inatulutsa mu 2003, n'champhamvudi, ndipo anachita kuchipangira mfuti yakeyake yaikulu thupi. Koma inyamuleni kaye. Model 500 ya mpope wautali imalemera pafupifupi makilogalamu 2, ndipo ngakhale ya mainchesi 4 imapitirira kilogalamu ndi theka. Ganizirani paketi ya shuga ndi theka ikulendewera pachifuwa kuyambira m'mamawa mpaka usiku, inu muli m'madzi ofika m'chiuno, mbedza ili kumanja. Tsiku loyamba mudzapirira. Lachitatu mudzati, "Lero tingofika pafupi pompa," n'kuisiya m'galimoto. Ndaona anthu ambiri akuchita zimenezi.

Kulemera kokha sikukanandidetsa nkhawa kwambiri. Chimene chikundiopsa ndi mawu anu aja akuti simunawomberepo mfuti yaing'ono. Ndikuuzeni zimene zinandigwera ineyo. Nditangoyamba kumene, ndinagula ya .454 Casull chifukwa cha mtima womwewu wofuna chachikulu. Ikalira, inkandimenya m'chikhatho ngati munthu wandikwapula ndi mpini. Patatha milungu yochepa, thupi linaphunzira lokha kuopa: chala chisanamalize kukhethemula, maso ndatsinzina kale, dzanja ndakankhira pansi. Zipolopolo zinkagwera m'munsi mwa chandamale pa mamita 10 okha. Mnzanga wina ndi amene anandigwira. Anandipatsa mfutiyo atasiya bowo limodzi lopanda chipolopolo osandiuza, ndipo itangoti "tiki" osalira, ndinaona ndekha mpope ukugwada ngati ukupereka moni. Zinanditengera pafupifupi chaka chathunthu, ndikuwombera kamfuti ka .22, kuti matendawo achoke. Vuto silinali la mfuti. Ndine ndinadumpha makalasi.

Tsono taganizirani chimbalangondo chija. Chikathamanga chimafika liwiro la makilomita oposa 50 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 15 pa sekondi imodzi. Chikatulukira m'zitsamba pa mamita 30, muli ndi masekondi awiri oti musolole mfuti, muloze, muwombere. Chimabwera chitaweramitsa mutu, ndipo malo amene angachigwetse nthawi yomweyo, ubongo kapena msana, ndi aang'ono ndiponso akuyendayenda. Pamenepo chipolopolo cha .500 chodutsa pamwamba pa khutu n'chimodzimodzi ndi mwala. Chofunika n'chakuti choyamba chilowe pabwino, ndipo mpope ubwerere msanga kuti chachiwiri chitsatire. Mu 2016 mlenje wina wodziwika wotsogolera alendo ku Alaska, Phil Shoemaker, anapha chimbalangondo chimene chinkaukira anthu amene ankawaperekeza kokawedza, ndipo anali ndi pistol ya 9mm basi. Sindikunena kuti mukagule 9mm, ayi. Bamboyo watha zaka zambirimbiri ali pakati pa nyamazi. Ndikungofuna muone kuti chinapulumutsa anthu tsiku limenelo ndi dzanja losanjenjemera ndi chipolopolo cholowa mwakuya.

Chifukwa chake .44 Magnum ndimaikonda. Si yatsopano: inatuluka m'zaka za 1955 ndi 1956, pambuyo poti Elmer Keith wa ku Idaho wavutitsa kwa nthawi yaitali makampani a Remington ndi Smith & Wesson kuti atenge chipolopolo chakale cha .44 Special n'kuchionjezera mphamvu. Zipolopolo zake mungazipeze ngakhale m'kashopu ka m'tauni yaing'ono, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa .500. Chokoma kwambiri n'chakuti mfuti yomweyo imalandira .44 Special, zimene zimakankha pang'ono. Mumayamba ndi zimenezo, mabokosi angapo, kenako .44 Magnum wamba za 240 grain (grain ndi muyezo wa kulemera kwa chipolopolo), ndipo pomaliza zolemera zija za m'tchire. Kukwera makwerero pang'onopang'ono.

Ena adzakuuzani kuti .454 nayo imalandira .45 Colt, ndipo .460 S&W ya mu 2005 imalandira zonse ziwiri. N'zoona, ndipo kwa munthu wozolowera ndi njira yabwino. Koma ngati mudzangowombera .45 Colt chifukwa zinazo zikukupwetekani, ndiye mwalipirira ndi kunyamulira chitsulo chimene simukuchigwiritsa ntchito.

Kunena za mfuti zenizenizo, ziwiri ndi zimene ndingakulozereni. Ruger Redhawk ya mainchesi 4.2 imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. Ndi yokhuthala, yosanyada, ndipo imapirira zipolopolo zolemera kwambiri. Smith & Wesson 629 ya mainchesi 4 ndi yopepukirapo pang'ono, ndipo ambiri amati trigger yake, kachitsulo kokhethemulira kaja, ndi yofewa bwino. Zonse zimatenga zipolopolo 6, zonse n'zachitsulo chosachita dzimbiri msanga, chinthu chofunika kwa munthu wokhalira m'madzi ngati inu. Zigwireni zonse ziwiri, ndipo ngati kuli malo obwereketsa mfuti zoyesera, kaziwombereni. Imene chala chanu chikufika bwino pa trigger osapotoza dzanja, ndi yanu imeneyo.

Pali zina zimene mudzazione n'kuzisirira. Ruger Super Redhawk Alaskan, dzina lokhalo limakopa, koma mpope wake ndi wa mainchesi 2.5 ndipo kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi Redhawk ija. Yodzitetezera ili bwino, yosakira agwape ayi. Palinso 329PD, yopepuka mpaka kufika magalamu pafupifupi 700. Kuinyamula n'kokoma zedi, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: mfuti ikapepuka, nkhonya yonse imathera m'dzanja lanu. Komanso pa mavolovolo opepuka otere, zipolopolo zolemera zimene zikudikira m'silinda (chozungulira chija cholowetsamo zipolopolo) zimatha kusololoka pang'onopang'ono chifukwa cha kugwedezeka, mpaka chimodzi kutulukira kutsogolo n'kutsekereza silinda kuti isazungulire. Za single action monga Super Blackhawk n'zabwino posaka, koma pamafunika kukoka hammer, kanyundo kakumbuyo kaja, musanawombere chipolopolo chilichonse. Chinyama chikakugwetsani n'kuluma dzanja limodzi, mudzafuna mfuti yongokoka trigger basi.

Zipolopolo musasakanize. Za agwape ndi zija zofewa kunsonga, zimene zimafutukuka zikalowa m'thupi. Za chimbalangondo ndi zolimba, zansonga yaphwatalala, zimene pabokosi amalemba hard cast, za 300 grain kapena kupitirira pang'ono, zoti zithyole fupa n'kupitirira. Werengani bokosi musanagule. Zina zamphamvu kwambiri za makampani monga Buffalo Bore ndi Garrett amazilemba poyera kuti ndi za mfuti zakutizakuti zokha, monga Redhawk, osati iliyonse ya .44. Ndipo powombera volovolo iliyonse yaikulu, chala chisakhale pafupi ndi kampata ka pakati pa silinda ndi mpope. Moto wotuluka pamenepo umacheka mnofu. Zotseka m'makutu musaiwale.

Za agwapezo ndinene mosabisa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Volovolo ya .44 imapha gwape bwinobwino, makamaka agwape aang'ono aja a Sitka amene ali pachilumba cha Kodiak ndi kuzilumba za kum'mwera chakum'mawa kwa Alaska. Koma malire ake ndi mtunda umene mungalowetse zipolopolo zonse 6 m'mbale yapepala, mutaima mmene mungaimire m'tchire. Kwa woyamba kumene, nthawi zambiri ndi mamita 20 kapena 25. Kupitirira apo mungovulaza nyama, ikafere kutali. Chaka choyamba ndi chachiwiri sakani ndi mfuti yaitali, .30-06 kapena yofanana nayo, volovolo ili pachifuwa. Pachifuwa ndithu, m'chikwama chake cha malamba chija, osati m'chiuno momwe zovala zolowera m'madzi zingaiphimbe, ndipo osati m'chikwama cha kumsana.

Mudzadabwa kuti munthu wokonda mfuti akukuuzani ichi, koma musanagule chilichonse, gulani utsi wa tsabola wothamangitsira zimbalangondo. Kafukufuku wa Tom Smith, Stephen Herrero ndi anzawo wa mu 2008 anapeza kuti ku Alaska utsiwu unaletsa zimbalangondo zofiirira pa maulendo 92 mwa 100 alionse, ndipo anthu 98 mwa 100 amene anali nawo sanavulale. Ku Kenai nthawi ya nsomba anthu amaima phewa ndi phewa m'mbali mwa mtsinje. Chipolopolo cholimba chija chikaphonya, kapena chikadutsa nyama, chikupita kuti? Utsi ukalakwika mumangolira misozi.

Za malamulo, popeza green card muli nayo, mungagule kwa wogulitsa wovomerezeka ku Alaska komwe mukukhalako, mutadzaza fomu ya boma yogulira mfuti yotchedwa Form 4473 ndi kufufuzidwa mbiri yanu. Anzanu amene ali pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo lawo ndi lina ndipo ndi lothina, choncho musawabwereke mfuti mwachisawawa. Musayesenso kudutsa nayo ku Canada pagalimoto, kapena kuiponya m'sutikesi popita kumudzi.

Ndipo zikadzavuta mpaka kupha chimbalangondo podziteteza, lamulo la ku Alaska limalola, malinga ngati simunachiputa kapena kuchikopa ndi nsomba zosiyidwa poyera. Koma nyamayo si yanu. Muyenera kudziwitsa akuluakulu a zanyama zakutchire mwamsanga, kuisenda nokha, n'kukapereka ku boma chikopa chonse chili ndi zikhadabo zake pamodzi ndi chigaza. Chikopa chachiwisi cha chimbalangondo chachikulu si katundu wonyamula munthu mmodzi akuimba mluzu, ndiye mpeni wakuthwa ukhale m'thumba, ndipo anzanu owedza nawo aja muwauziretu kuti tsiku limenelo asadzathawire ku galimoto.