Uthenga wa "database is locked" mu SQLite: musafulumire kusamuka

Wowerenga wina wanditumizira imelo yodandaula. Analemba pulogalamu yosunga mbiri ya makasitomala pogwiritsa ntchito SQLite, koma masiku ano imangoima n'kuonetsa kuti "database is locked". Akufunsa ngati asamukire ku PostgreSQL, database ina imene imayendera pa seva.

Mnzanga, dikirani kaye. SQLite, imene D. Richard Hipp anayambitsa mu 2000, ilibe seva. Database yonse ndi fayilo imodzi imene pulogalamu yanu imatsegula yokha. Owerenga akhoza kukhala ambirimbiri nthawi imodzi, koma wolemba amaloledwa mmodzi basi. Wachiwiri akafika woyamba asanamalize, SQLite imabweza SQLITE_BUSY, nambala 5, ndipo uthenga mukuuonawo ndi umenewo.

Ndiye funso n'lakuti, ndani wagwira chitseko osachisiya? Nthawi zambiri ndi pulogalamu yanu yomwe. Mwina munatsegula transaction (gulu la zosintha zochitikira pamodzi) n'kuiwala COMMIT, lamulo loitsekera. Mwina pali SELECT (lamulo lowerengera deta) imene simunaiwerenge mpaka kumapeto, cursor (cholozera zotsatira zake) n'kutsala yotsegula. Mwinanso mkati mwa transaction mukudikira yankho la pa intaneti, ena onse ali pamzere. Chimenechi chimandiwawa kwambiri ndikachiona, chifukwa chimabisala: poyesa zonse zimayenda bwino, vuto limatulukira anthu akachuluka. Onaninso ngati fayiloyo simunaitsegule mu DB Browser for SQLite, pulogalamu yoonera ndi kusintha database, chifukwa zimene mwasintha mmenemo zimagwira loko mpaka mutadina Write Changes.

Mukakonza zimenezo, lembani PRAGMA busy_timeout=5000 kuti wolemba wachiwiri adikire masekondi 5 m'malo molephera pomwepo. Kenako PRAGMA journal_mode=WAL. Njira imeneyi, yolemba kaye zosintha m'fayilo lapadera, inabwera ndi SQLite 3.7.0 mu 2010, ndipo imalola kuwerenga pamene wina akulemba. Transaction imene mukudziwa kuti ilemba, iyambeni ndi BEGIN IMMEDIATE kuti igwire loko yolembera poyambirira pomwe.

Mukayatsa WAL mudzaona mafayilo ena awiri, othera ndi -wal ndi -shm. Chonde musawafufute. La -wal likhoza kukhala ndi zolemba zimene sizinalowe m'fayilo lalikulu. N'chifukwa chakenso kukopera fayilo la database pulogalamu ikugwira ntchito n'koopsa. Gwiritsani ntchito lamulo la VACUUM INTO popanga kope, kenako yesani kopeyo ndi PRAGMA integrity_check.

Pali pamodzi pokha pamene ndingakuuzeni kuti samukani. Ngati fayilolo mwaliika pa foda ya netiweki kuti makompyuta angapo azilembamo, WAL sigwira ntchito kumeneko, ndipo maloko a pa netiweki sadalirika moti database ikhoza kuwonongeka. Zikatero PostgreSQL ndiye yoyenera.