Achemwali a masilaidi 32, dulani Lachinayi lisanafike

Achemwali, mwati mabwana akupatsani mphindi 15 Lachinayi kuti mufotokoze chifukwa chomwe dipatimenti yanu ikufunira ndalama zowonjezera, mwakonza kale masilaidi (masamba oonetsa pakhoma ndi pulojekita) 32, ndipo mukufunsanso ngati presentation imeneyi ingakutsegulireni njira yokwezedwa pantchito kapena muyambe mwabwerera kusukulu. Za sukuluzo anzanga ena amene akuyankhani azikamba kale mokwanira. Ine maso anga aima pa 32 ameneyo.

Achuluka. Gawani nokha muone: silaidi iliyonse ikupeza masekondi osakwana 30. Ndiye kutitu palibe wakudulani pakamwa, palibe walowa mochedwa, pulojekita yayaka kamodzin'kamodzi. Msonkhano wotero sindinauonepo.

Zinandionekera ndili m'chaka chachitatu pakampani ina yomwe sindiitchula. Ndinachezera masiku anayi ndikukongoletsa masilaidi 40. Ndinayamba ndi mbiri ya dipatimenti, kenako chithunzi cha ife tonse titavala mayunifolomu, kenako magirafu. Chimene ndinkapempha, makina awiri atsopano ndi wantchito mmodzi, ndinachibisa pa silaidi 37 poganiza kuti ndiyambe ndawafewetsa mitima. Tsikulo amene analankhula ine ndisanalowe anadya nthawi yonse. Wapampando anangoyang'ana wotchi n'kunena kuti ndili ndi mphindi zisanu. Ndinayamba kudumpha masilaidi ngati ndalumidwa ndi linthumbu, thukuta lili kamukamu. Ndili pa silaidi 11, bwana wa zachuma anavula magalasi, n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti, "Pepani, kodi mwati mukufuna chiyani kwa ife?" Ndisanameze malovu, analoza nambala ya katundu wowonongeka yomwe inali pakona, n'kufunsa ngati inali ya mwezi kapena ya chaka. Nambalayo ndinaikopera mu lipoti la mnzanga osaifufuza. Ndinangoti kakasi. Makina aja anadzagulidwa chaka chotsatira, ndipo amene anakawapempha anali munthu wina, ndi masilaidi anayi.

Choncho silaidi yoyamba ikhale pempho lanu, lolembedwa m'chiganizo chimodzi: ndalama zingati, zichita chiyani, kampani ipindula chiyani ndipo liti. Mukalephera kulinena mu mpweya umodzi kwa mnzanu amene sagwira nanu ntchito, ndiye kuti simunakonzeke, kaya masilaidi akongole chotani. Pempho likhalenso limodzi. Musati pomwepo mupemphe ndalama, pomwepo mudandaule za makompyuta akale, pomwepo mukumbutse za galimoto. Mapanga awiri avumbwitsa. Zifukwa zitatu zikatsatira pempholo, basi, zakwana. Masilaidi enawo musawataye, akankhireni kumapeto kuseri kwa silaidi yomaliza. Wina akafunsa za mwezi wakutiwakuti, mu PowerPoint, pulogalamu yopangira ndi kuonetsera masilaidi, mumangolemba nambala ya silaidi n'kudina Enter, imabwera yokha. Lembani manambalawo pakapepala.

Pali lamulo lomwe Guy Kawasaki, yemwe anagwirapo ntchito ku Apple, anatchukitsa la 10/20/30: masilaidi 10, mphindi 20, zilembo zosachepera saizi 30. Iye ankanena za anthu okapempha ndalama kwa oika chuma m'mabizinesi, koma gawo la zilembolo ndi lomwe limathandiza aliyense, chifukwa pa saizi 30 ndime yonse sikwana, mumakakamizika kudula. Kwa inu a mphindi 15, ndinganene masilaidi 6 kapena 7, mulankhule mphindi 8, zotsalazo mafunso. Chigamulo chimapsera pa mafunsopo, osati pamene inu mukulankhula. Konzaninso mtundu wa mphindi zitatu wopanda silaidi n'imodzi yomwe, kuchitira tsiku ngati langa lija. Ndipo musaganize kuti masilaidi ndiwo ntchito. Ku Amazon, Jeff Bezos, yemwe anayambitsa kampaniyo, analetsa PowerPoint pamisonkhano ya akuluakulu mu 2004. Amalemba chikalata cha masamba 6, onse n'kuyamba achiwerenga mwakachetechete asanakambirane. Sindikuti mukachite zimenezo kwanuko, angakudabweni. Koma tsamba limodzi losindikiza, loti aliyense atsale nalo m'manja, ndi lamphamvu kuposa zithunzi zouluka.

Achimwene amene mwalemba kuti mawu amangogwira 7% ya uthenga ndipo zotsalazo ndi kaimidwe ndi kamvekedwe ka liwu, pepani, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Manambala a 7, 38 ndi 55 amenewo anachokera pa kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, pomwe anthu ankamvetsera liwu limodzilimodzi n'kumaganizira ngati wolankhulayo akukonda kapena kudana ndi amene akumulankhula. Mwini wakeyo ananena kuti sizikhudza nkhani zina kupatula za mmene munthu akumvera mumtima. Bwana wa zachuma sapereka bajeti chifukwa mwaima mowongoka. Valani bwino, yang'anani anthu m'maso, inde, koma usiku wa Lachitatu muuthere pa manambala, osati pagalasi. Nambala iliyonse ili pa silaidi mudziwe komwe yachokera, ndi ya nthawi iti, ndipo anaiwerengera ndani. Imene simungaiteteze, ichotseni. Akakufunsani chomwe mulibe yankho lake, nenani kuti mubweretsa yankho mawa m'mawa, ndipo mawalo mulibweretsedi. Kupeka nambala pamaso pa anthu owerengera ndalama n'kudzikumbira dzenje.

Aja akuti mulowezenso zonse pamtima, ayi. Woloweza akadulidwa pakati amasowa pogwira. Lowezani ziganizo ziwiri zoyambirira zokha, chifukwa mantha amakula m'mphindi yoyamba. Zinazo yeserani mokweza mawu, mutaimirira, foni ikuwerenga nthawi, katatu konse. Kuwerenga chamumtima kumanamiza. Zomwe mumayesa mphindi 8 zimakhala 13.

Chinthu chomwe ndinachiphunzira mochedwa kwambiri n'chakuti msonkhano umayamba usanayambe. Lolemba kapena Lachiwiri pemphani mphindi 10 kwa bwana wa zachuma, mumuonetse manambala, mumufunse pomwe akuona kuti pakutsimphina. Akakudzudzulani muli awiri, mwapulumuka, chifukwa Lachinayi sadzabwerezanso zomwe mwakonza kale, mwinanso adzakuikirani kumbuyo. Bwana wanu weniweni naye asadzamve chinthu chachilendo pagulu. Ndinaonapo mnzathu akuwala pamaso pa bodi ndi mfundo yomwe bwana wake anali asanaimve. Anamuombera m'manja tsikulo, koma miyezi yotsatira sanaitanidwenso kumisonkhano yotero.

Za zipangizo ndingochenjeza mwachidule. Sungani fayilo yina ngati PDF, chifukwa zilembo zimasintha mukatsegula pa kompyuta ya eni ake. Ikhale pa fulashi komanso mudzitumizire pa imelo. Kaoneni chipindacho dzulo lake, muone ngati chingwe cha pulojekita ndi HDMI kapena VGA, poti malaputopu ambiri atsopano amafuna kachipangizo kolumikizira. Tsekani WhatsApp ndi imelo pa laputopu musanalumikize. Uthenga wa kunyumba ukatulukira pakhoma, anthu sakumbukiranso bajeti. Ndipo mukafuna kuti maso onse abwere kwa inu, dinani batani la B pa laputopu, sikirini imada, mukadinanso imabwerera.

Nkhani yokwezedwa musaitchule Lachinayi, ngakhale mwanthabwala. Si malo ake. Madzulo a tsiku lomwelo tumizani imelo yaifupi ya zomwe zagwirizanidwa, ndani achita chiyani, pofika liti. Kenako yambani kulemba m'kabuku zomwe mwakwanitsa, ndi madeti ndi manambala ake, chifukwa pofika nthawi younika ntchito bwana amakhala ataiwala, inunso mutaiwala. Pamenepo m'pomwe mukafunse mosabisa kuti pakufunika chiyani kuti mufike pa udindo wakutiwakuti. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinadikira zaka ndikuyesa kuti khama limadzionekera lokha.

Lachinayi likadutsa, funafunani kalabu ya Toastmasters, bungwe lophunzitsana kulankhula pagulu, yomwe muli nayo pafupi, kapena ya pa intaneti. Bungweli analiyambitsa Ralph Smedley mu 1924 ku California, ndipo ndi komwe ine ndinachirira matenda anga oyankhula mozungulira. Kulankhula kwanu koyamba kumakhala kwa mphindi 4 mpaka 6, wina atagwira makadi obiriwira, achikasu ndi ofiira okuuzani nthawi, winanso akuwerenga ma "eee" ndi ma "aaa" anu onse n'kudzawalengeza pamapeto. Tsiku loyamba ndinachita manyazi ndi chiwerengero changa. Pali kandalama ka umembala kolipira miyezi 6 iliyonse, koma makalabu ambiri amalola mlendo kukaonerera kaye osalipira.

Mukadula masilaidiwo mutiuze kuti atsala angati. Akapitirira 8, chithunzi cha timu, ngati nanunso muli nacho, chiyambe ndicho kutuluka.