Munthu akangotambasula manja, vidiyo imaima

Funso: Ndimadula munthu pa vidiyo n'kumutumiza payekha, popanda zakumbuyo kwake. Laini yanga imanyamula ma bit (tizigawo tochepetsetsa ta data) 64,000 pa sekondi, ndipo ndimatumiza mafelemu (zithunzi zotsatizana zopanga vidiyo) 10 pa sekondi. Munthuyo akakhala phee zonse zimayenda bwino, koma akangotambasula manja vidiyo imaima, apo ayi m'mphepete mwake mumanjenjemera. Ndikonze pati?

Yankho: Tiyambe ndi masamu. Felemu iliyonse ili ndi gawo la ma bit 6,400, ndipo m'menemo muyenera kukwana mkombero wa thupi, kayendedwe kake ndi mitundu. Mukamalondola mkombero pixel ndi pixel (kadontho ndi kadontho ka chithunzi), njira yotchedwa chain code, sitepe iliyonse imadya ma bit 3 chifukwa pali mbali 8 zolowera. Mkombero wa ma pixel 1,000 watha kale ma bit 3,000. Zala zikatambasuka mkombero umatalika.

Buffer, malo amene ma bit amadikirira asanatumizidwe, ili ngati ndowa yobooka pansi: imadontha mofanana nthawi zonse, koma inu mumathiramo mosiyanasiyana. Ikakhala ya ma bit 32,000, felemu iliyonse n'kumadya 9,600, otsalira 3,200 amaunjikana ndipo ndowa imadzaza m'sekondi imodzi yokha. Apo encoder, pulogalamu yopanikiza vidiyo kuti ikwane pa laini, imayamba kutaya mafelemu. Kukulitsa buffer kumathandiza, koma vidiyo imachedwa kufika. 32,000 imeneyo ndi theka la sekondi kale.

Mankhwala ake ndi kulola mkombero kuphonya pang'ono, mwadala. MPEG-4 Part 2, ndondomeko yopanikizira vidiyo ya 1999, imagawa mawonekedwe a chinthu m'mabuloko a ma pixel 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, ndipo imalola kuchepetsa buloko kufika 8 kapena 4 zinthu zikathina. Njira ina ndi kusankha madontho ochepa pamkombero n'kuwalumikiza ndi mizere. Mumaika lamulo loti mzere usatalikirane ndi mkombero weniweni kuposa pixel imodzi, kenako pulogalamu imafufuza madontho okwaniritsa lamulolo ndi ma bit ochepetsetsa.

Kunjenjemerako kumabwera felemu iliyonse ikamadzisankhira yokha malire ophonyera: iyi pixel imodzi, yotsatira 4, inayo imodzinso. Diso limaona kulumpha kumeneko msanga kuposa kuphonya kokhazikika. Choncho encoder iziona mafelemu angapo akutsogolo, mwina 10, n'kusankha malire amodzi otsikitsitsa amene sangasefukitse buffer pa mafelemu onsewo. Malirewo akamasintha, azisintha ndi theka la pixel basi. Ndipo buffer ikadutsa theka, yambani mwachepetsa ma bit a mitundu. Malaya osawoneka bwino anthu amawapirira, koma chala chodulidwa ayi.

Ngati mukugwiritsa ntchito encoder ya x264, dziwani kuti sinyamula mawonekedwe otere. Mask, chithunzi chosonyeza pamene pali munthuyo ndi pamene palibe, muitumize ngati vidiyo yachiwiri, ndipo mu pulogalamu ya FFmpeg muike -maxrate (malire a ma bit pa sekondi) ndi -bufsize (kukula kwa buffer) pa vidiyo iliyonse, kuti mavidiyo awiriwo pamodzi asapitirire ma bit 64,000 pa sekondi.