Bwanji Mulungu osangothana naye Satanayu tipumeko?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Akuti geni yawo ya kaunjika inagwa, mwana akungodwaladwala, ndipo akapita ku mapemphero a usiku akungouzidwa kuti zonsezi ndi mdyerekezi. Ndiye akufunsa kuti, Mulungu ankadziwa kale kuti Satana adzapanduka, anamulengeranji? Nanga zoipa zili ndi ntchito yanji, bwanji osangothana naye lero lomwe?

Achemwali, pepani ndi zomwe mukudutsamozo. Chinthu chimodzi tikonze kaye. Mmene timalalikirira masiku ano zimamveka ngati Mulungu ndi Satana ndi Bullets ndi Wanderers, lero wawina uyu mawa wawina uyo. Chikhristu sichiphunzitsa choncho ayi. Satana ndi cholengedwa basi. Msonkhano waukulu wa mpingo wa Katolika wa ku Lateran mu 1215 unanena poyera kuti mdyerekezi ndi ziwanda Mulungu anazilenga zabwino, zinaipa zokha, ndipo apa a CCAP ngakhale a Pentekoste sangatsutse. Tsegulani Yobu chaputala 1 ndi 2 muone, Satana sakhudza ngakhale bulu mmodzi wa Yobu asanaloledwe, ndipo ulendo wachiwiri akuuzidwa kuti thupi khudza koma moyo wake usiye. Kwa Petulonso chimodzimodzi, Luka 22:31, Satana anachita kupempha kuti awapete ngati tirigu.

Ndiye zoipa zinachokera kuti ngati Mulungu analenga zabwino zokhazokha? Munthu amene anavutika nalo kwambiri funsoli ndi Augustine wa ku Hippo, m'Afrika mnzathu wa dera lomwe pano ndi Algeria, anamwalira mu 430. Mkuluyu ali mnyamata anali mu gulu la a Manichee lomwe linkati kuwala ndi mdima ndi mphamvu ziwiri zomwe zakhala zikulimbana chiyambire, kenako anazisiya nkunena kuti choipa si chinthu chochita kulengedwa, ndi kuonongeka kwa chabwino. Zili ngati chibowo pa chitenje, ku fakitale sawomba chibowo, koma nsalu ikang'ambika mphepo imalowadi ndipo mumazizidwadi. Chomwe Mulungu anapereka ndi ufulu wosankha, kwa angelo ndi kwa ife, chifukwa chikondi chokakamiza si chikondi, ndipo amene angathe kunena kuti eya angathenso kunena kuti toto.

Ndiye ine ndimakana kunena kuti zoipa zili ndi ntchito yake ngati kuti Mulungu anazilemba ganyu. Chomwe Baibulo limaonetsa nchakuti Iye amazitembenuza. Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake enieni, pamapeto pa Genesis 50:20 akuwauza kuti inu munafuna kundichita choipa koma Mulungu anachisandutsa chabwino kuti anthu ambiri apulumuke ku njala, koma taonani sakunena kuti munachita bwino pondigulitsa. Paulo naye anali ndi munga mthupi womwe akuutchula kuti mthenga wa Satana, anapempha katatu kuti uchoke, sunachoke, ndipo akuti unamuletsa kudzikweza. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon wa mzaka za m'ma 100, ankaona kuti munthu analengedwa ngati mwana woti akule, ndipo kukhwimako kumabwera pokumana ndi zabwino ndi zoipa zomwe.

Koma mfundo imeneyi musamapite nayo pa siwa chonde. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu oposa 1,000 kumwera kuja, ndani angaime pamaso pa mayi amene ana ake anakwiririka mmatope ku Chilobwe nkumuuza kuti Mulungu akukuphunzitsani? Yesu atakamba za anthu 18 omwe nsanja ya ku Siloamu inawagwera, Luka 13, anakana kuti iwowo anali ochimwa kuposa anzawo. Anzake a Yobu aja anali ndi mayankho kuti mbwee, mapeto ake Mulungu anawakalipira iwowo, ndipo Yobu mwiniwake sanauzidwe nkomwe zomwe zinakambidwa kumwamba.

Komanso abale Satanayu timamunamizira zambiri. Yakobo 1:14 akuti munthu amayesedwa pokokedwa ndi chilakolako chake chomwe. Ndalama za Cashgate mu 2013 sizinauluke zokha pa Capital Hill, anthu anasaina macheke ali maso. Munthu wagwidwa ndi mkazi wa mwini akuti Satana anandinyenga, aaa inu. Choopsa kwambiri nchakuti tikazolowera kuona chiwanda paliponse timayamba kuchisaka mwa anthu, mapeto ake agogo osalakwa kuwagenda ati ndi mfiti, pomwe lamulo lathu la 1911 limaletsa ngakhale kungomutchula munthu kuti mfiti. Ndiye mwanayo mupempherereni ndithu, komanso mupite naye kuchipatala akamuyeze bwinobwino, ndipo wina akayamba kukulozerani apongozi anu kuti ndi omwe akuchita zimenezi, nyamulani chikwama muzipita.

Za lero lomwezo, Chivumbulutso 20:10 chimati mapeto a mdyerekezi ndi nyanja ya moto, chigamulo chinaperekedwa kale. Chochedwetsa Yesu anachifotokoza pa fanizo la namsongole, Mateyu 13. Antchito anafuna kukazula tsiku lomwelo, mwini munda anawaletsa kuti mungazulire limodzi ndi tirigu, dikirani nthawi yokolola. Ndipo 2 Petulo 3:9 akuwonjezera kuti kudikiraku si kuzengereza, Mulungu akupereka mpata kuti anthu alape, kuphatikizapo aja timafuna atazulidwa mawa mmamawa.