Mtengo wa mfuti ukang'aluka kumbuyo, guluu yekha sathandiza

Mbale wina yemwe amagwira ntchito yolondera nyama zakutchire ku Marávia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wandilembera pa imelo. Akuti mfuti yake ya .375 H&H, ya mtundu wa Mauser, yayamba mng'alu kumbuyo kwa bawuti yomaliza yomangira chitsulo cha mfuti ku mtengo wake, pamene dzanja limagwira. Wamva za glass bedding, njira yokhazikira chitsulo mumtengo ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, ndipo akufunsa ngati ingaletse mng'aluwo kupitirira.

Achimwene, ingaletse, koma pokhapokha mutakonza malo oyenera. Pamene pang'alukapo si pamene pali vuto.

Mfuti ikalira, chitsulo chonse chimabwerera m'mbuyo. Pansi pake, kutsogolo, pali kachitsulo kotuluka kotchedwa recoil lug, ndipo ndi iko kayenera kulandira mphamvu yonseyo n'kuipatsira mtengo. Tsono ku Tete kuno mtengo supuma. Mu Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40, mtengo umauma n'kufota. Mvula ikagwa umafufumanso. Zaka zikamapita pamatsala mpata kumbuyo kwa lug, mabawuti amakhwefuka, ndiye mphamvu ija imakathera kumchira wa chitsulo, uja amautcha tang. Mchirawo umalowa mumtengo ngati nkhwangwa yowazira nkhuni. Mukangothira guluu mumng'alu n'kusiya, mudzawombera kangapo basi ung'alukenso pomwepo.

Glass bedding ndi kuthira epoxy pakati pa chitsulo ndi mtengo kuti zigwirane popanda mpata. Odziwa ntchitoyi amakonda epoxy wa mtundu wa Acraglas, Devcon kapena Marine-Tex. Epoxy wouma m'mphindi 5 uja wa m'mashopu a hadiweya musiyeni, sakupatsani nthawi yoika zinthu bwino ndipo salimba mokwanira.

Yambani mwachotsa zipolopolo, kenaka mumasule trigger (kokoka ndi chala powombera) ndi magazine (mokhala zipolopolo). Chinthu chimene ambiri amachidumpha ndi oyilo. Alonda athu amakonda kuthira oyilo wambiri, mfuti n'kuiimika chilili, oyiloyo n'kumatsikira mumtengo mpaka kumchira kuda bii ndi kufewa. Epoxy sagwira pa mtengo wotere. Tsukani ndi mankhwala osungunula mafuta otchedwa acetone mobwerezabwereza mpaka mtengo uyere, kenaka mumate mng'aluwo ndi epoxy n'kuumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Ukauma, sepani mamilimita 2 kapena 3 a mtengo kumbuyo kwa lug ndi pansi pa mchira. Matani tepi kutsogolo, m'mbali ndi pansi pa lug, koma kumbuyo kwake musamateko, chifukwa nkhope imeneyo ndiyo iyenera kugunda epoxy mwachindunji. Mabowo onse a chitsulo atsekeni ndi dongo loseweretsa ana. Ndiye pakani polishi wa nsapato wopanda mtundu pachitsulo chonse ndi pamabawuti omwe, kawiri. Apa musachite ulesi. Mukaiwala malo amodzi, kapena epoxy akalowa m'bowo, chitsulo ndi mtengo zidzakhala chinthu chimodzi, ndipo ena amafika pothyola mtengo kuti alanditse chitsulo.

Thirani epoxy, khazikani chitsulo, mangani mabawuti pang'ono chabe, pukutani wotuluka m'mbali. Ntchitoyi ichitike m'mamawa pamthunzi, poti kutentha kumaumitsa epoxy msanga. Dikirani maola 24 musanamasule, ndi masiku angapo musanawombere.

Mukamasula, pali kantchito kakang'ono komwe kamapulumutsa mtengo. Palani kumbuyo kwenikweni kwa mchira kuti pakhale kampata kokwana kapepala kolimba, pafupifupi theka la milimita. Boolaninso mabowo a mabawuti kuti akule pang'ono, bawuti isakhudze mtengo m'mbali. Mchira ukhale pa epoxy pansi, koma kumbuyo usagunde kanthu.

Pa mfuti zazikulu ngati .375 ndi .458 ine sindikhutira ndi epoxy yekha. Pafunikanso bawuti yopingasa mtengo kumbuyo kwa lug, cross bolt, ndipo imeneyo mupatse mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Ngati mfutiyo ndi ya kampani kapena ya boma, uzani akuluakulu anu musanaigwire tchizulo. Ndipo ngati mng'alu wadutsa kale m'chigwiriro mpaka mbali inayo, musavutike n'kumata, pezani mtengo wina. Mfuti imene mumapita nayo kukathamangitsa njovu m'minda ya anthu isakhale yokayikitsa.